Njinga yatsopano iyambe yaona sipanala isananyamule thumba

Mwezi wa Julayi ukafika, anthu atagulitsa soya ndi mtedza, pamalo pomwe ndimakonzera njinga pano pa boma la Chadiza pamadzaza njinga zonyezimira. Zakale zimabwera chaka chonse, ndinazizolowera. Zimene zimandiwawa mumtima ndi zatsopanozi, zina mapulasitiki asanachoke n'komwe pa fulemu.

Sabata yatha kunabwera bambo wina wachikulire wa kwa Mlolo, njinga ataikweza pa ngolo. Anaigula ku Chipata ndi ndalama za soya wa chaka chonse. Mwezi usanathe wilo lakumbuyo linali litapindika ngati lichero lakale, masipoko ena atathyoka, ena akungolendewera.

"Mwanawe, andigulitsa chinthu chabodza," anatero.

"Bambo, mutaigula munapita nayo kwa wokonza aliyense?"

"Yatsopano? Akaione chiyani?"

Mawu amenewa ndatopa nawo. Ndimawamva kwa alimi, kwa aphunzitsi, kwa anyamata onyamula makala, onse ndi mtima umodzi: chinthu chatsopano sichikhudzidwa, wokonza ndi wa zowonongeka. Kunena zoona njinga ya bamboyo sinali yabodza. Fulemu yake inali yabwino, limu yake inali yachitsulo cholimba. Chimene chinaipha n'chakuti palibe munthu anaimaliza kuimanga.

Njinga zambiri zimene timagula kuno, za ku India monga Hero, Atlas ndi Avon kapena za ku China monga Phoenix, zimafika m'makatoni zili zidutswazidutswa. Wina amazilumikiza kuseri kwa sitolo, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi mulu woti amalize dzuwa lisanalowe. Iye chimene akufuna n'chakuti njinga iime, wilo lizungulire, belu lilire. Sindikumunyoza, ndi mmene ntchito yake ilili. Koma njinga yoima bwino pakhonde la sitolo ndi njinga yoti inyamule matumba awiri a fetereza a makilogalamu 50 mumsewu wa mabampu wopita ku Vubwi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chozisiyanitsa chili m'masipoko.

Anthu ambiri amaganiza kuti katundu amatsamira pa masipoko, ndiye sipoko yonenepa ndiyo yolimba. Sizili choncho. Sipoko ndi waya chabe, mutha kuipinda ndi zala. Mphamvu yake ili m'kukokedwa. Sipoko iliyonse imachoka pa habu, chija chapakati pa wilo, n'kukamangidwa ku limu ndi kanati kakang'ono kamene timati nipo. Onse akakungidwa mofanana amakoka limu mbali zonse, ndipo limu imakhala yozungulira ndi yowongoka. Mukakwera, masipoko amene ali pansi panthawiyo amafewerako pang'ono, kenaka wilo likazungulira amakungikanso. Ngati anakungidwa bwino, kufewa kumeneku n'kochepa ndipo sikuwononga kanthu. Koma ngati anali olobodoka kale, katundu akalemera sipoko ya pansi imamasukiratu, kenaka n'kukokedwa mwadzidzidzi. Wilo la mainchesi 28 limazungulira pafupifupi ka 450 pa kilomita imodzi. Ulendo wa makilomita 20 ndiye kuti sipoko iliyonse yamasuka n'kukokedwa ka 9,000. Nipo imayamba kudzimasula yokha, ndipo sipoko imathyokera pa chigongono chake, paja yapindikira polowa mu habu. Imodzi ikathyoka, zoyandikana nayo zimasenza ntchito yake, nazonso zimatsatira.

China n'chakuti ngakhale wilo lomangidwa bwino limasintha m'masiku oyamba. Mitu ya masipoko imakhazikika m'mabowo a habu, manipo amakhazikika mu limu, ndipo zonse zimafewerako. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti njinga yatsopano ionedwe kawiri: tsiku loigula, ndiponso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri akuikwera popanda katundu wolemera. Mutha kudziyesera nokha. Finyani masipoko awiriawiri ndi dzanja kuzungulira wilo lonse, kapena agogodeni ndi sipanala. Okungika amalira mokweza ndi mofanana. Olobodoka amangoti phu. Koma kukunga kwenikweniko musiyire munthu wodziwa, chifukwa mukamanga mbali imodzi yokha limu imathawira komweko, ndipo ndaona mawilo ambiri owonongedwa ndi pulayala kuposa owonongedwa ndi msewu.

Chachiwiri chobisika ndi mabolo. Mkati mwa habu, mkati mwa pomwe mapedulo amazungulira, ndi pakhosi pa foloko muli timipira tachitsulo toyenda m'kambale, topanikizidwa ndi kachitsulo kosongoka kamene timati koni. Ndikamasula njinga zatsopano ndimapeza girizi wongopaka dzina, nthawi zina osapezeka n'komwe, koni atamangidwa zolimba kuti wogula akagwedeza wilo asamve kugwedera. Koni wothina amakanikiza mabolo mpaka amakumba timaenje m'kambale. Mabolo ndi koni n'zotchipa, zimasinthidwa. Kambale ka habu kakakumbika, habu yonse yatha, ndipo kusintha habu ndi kumasula wilo lonse n'kulilukanso. Girizi wodzaza chikhatho chimodzi ndi koni wochunidwa bwino zikanapulumutsa zonsezi. Kuyesa kwake n'kosavuta: nyamulani njinga, wilo lizitha kuyenda lokha mpaka valavu itatsikira pansi, koma mukaligwedezera uku ndi uku lisagogode.

Ena amandiuza kuti kale sizinali chonchi, njinga za Humber ndi Raleigh zinkakhala mpaka zidzukulu kuzikwera. N'zoona kuti zinali zolimba, ndipo akale aja ankadziwa kumene katundu amakhala: mawilo ambiri a njinga za ku Britain anali ndi masipoko 32 kutsogolo, 40 kumbuyo. N'zoonanso kuti kuno kum'mawa tinali ndi njinga yathuyathu, Eagle, yopangidwa ndi Luangwa Industries ku Chipata kuyambira m'nthawi ya a Kaunda. Koma amene amazikumbukira amaiwala kuti eni ake ankaziweramira Loweruka lililonse ndi kansalu ndi kabotolo ka oyilo, ndipo kachikwama ka masipanala kankalendewera pansi pa chishalo.

Nanga mugule iti? Apa ndilankhula mosamala, chifukwa matumba athu ndi osiyana. Yambani mwadzifunsa ntchito imene njingayo ikagwire. Ngati ndi ya chimanga, makala ndi kupita ndi wodwala ku chipatala, tengani ya giya imodzi, ya fulemu yachitsulo, ya keriyala yomangika pa fulemu ndi pa ekiselo. Njinga za salaula za magiya ambiri ndi masipuling'i n'zokoma pokwera chitunda, koma zambiri sizinapangidwire thumba, ndipo kachitsulo kosinthira magiya kakapindika mudzakafuna ku Chipata kapena ku Lusaka, mwina osakapeza. Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005, inapangidwira misewu ngati yathuyi. Keriyala yake anailembera makilogalamu 100, ndipo zambiri mwa izo buleki yake ndi yopondera kumbuyo. Ndi yokwera mtengo komanso ndi yolemera, ndipo musanaigule funsani kumene zipangizo zake mudzazipeze. Nayonso masipoko ake amafuna kuonedwa.

Kukula kwa njinga anthu sakulabadira. Imani njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse pansi. Chitsulo chapamwamba chisakugundeni. Mukakhala pa chishalo, chidendene chili pa pedulo ya pansi, mwendo uwongoke. Chishalo chotsika kwambiri ndicho chimapweteketsa mawondo anthu ambiri amene amadandaula kuti njinga yawakalambitsa. Ndipo amayi ovala chitenje asakakamizidwe njinga yachitsulo chopingasa pomwe yotsika pakati ilipo. Kutsika msanga pamchenga kumapulumutsa mwana amene ali kumbuyo.

Zotsalazi ndinena mothamanga. Oyilo wakuda wotsala m'galimoto amene timakonda kuthira pa tcheni amaposa kusathira kanthu, koma ali ndi zinyalala zachitsulo kale ndipo fumbi la Okutobala limamatirira pamenepo n'kumadya tcheni ndi mano a sipuloketi. Ngati mungathe, gulani oyilo woyera, dontho limodzi pa mfundo iliyonse, kenaka pukutani kunja konse ndi kansalu. Musamize njinga mumtsinje wa Nsadzu kapena padambo poitsuka, madzi amalowa mu habu n'kutulutsa girizi. Popani matayala mokwanira musanakweze katundu. Chubu chikabooka timabowo tiwiri toyandikana, si minga, ndi limu imene yachiluma pa mwala chifukwa mpweya unali wochepa. Pogula tayala musangoti "ya 28". Werengani manambala a m'mbali mwake: pali ya 635 ndi ya 622, zonse amazitcha 28, koma imodzi siilowa pa limu ya inzake. Pedulo ya kumanzere imamangidwa mozungulira chakumanzere, ndiye musailimbane nayo ndi mpaipi. Kotapini, kamsomali kogwira mkono wa pedulo, ikayamba kugwedera musaikoke ndi nati yake chifukwa mazinga ake ndi ofewa. Imakhomedwa ndi hamala mkono utachirikizidwa pansi, nati n'kubwera pambuyo.

Mabuleki ndawasiyira kumapeto dala, chifukwa mvula ikubwera. Mabuleki a ndodo ogwira pa limu yachitsulo amagwira bwino kukauma, koma limu ikanyowa mphira imangotsetsereka kwa kanthawi isanagwire, ndipo njinga yonyamula matumba awiri pamtsetse siidikira. Ambiri mwachotsa buleki yakutsogolo poopa kugubuduzika, ena mwachotsa zonse n'kumaimitsa ndi patapata pa tayala. Bwezeranipo zonse ziwiri, sinthani mphira zisanafike pachitsulo, ndipo kukagwa mvula yambani kufinya pang'onopang'ono mtsetse usanayambe kuti limu iume. Wilo lopindika silingagwidwe bwino ndi buleki iliyonse, ndiye wokonza ayambe wawongola wilo, mabuleki achune pambuyo pake.