Nsima yapsa, koma pageti akuti musalowe

Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, makampani ambiri akhala akusakasaka poti achepetse ndalama zoyendetsera ntchito. Oyamba kukhudzidwa ndi amalonda ang'onoang'ono omwe amagwira ntchito pa kontirakiti: osesa m'maofesi, olondera, onyamula katundu ndi ophikira antchito. Ena akuimitsidwa popanda notisi, mwina ndi uthenga wa pa WhatsApp chabe.

Ku Kanengo mu mzinda wa Lilongwe kuli mayi ena omwe kwa zaka zingapo ankaphikira nkhomaliro antchito a pafakitale ina. Moto ankasonkha kusanache. Dzuwa likamafika paliwombo, iwo ndi amayi omwe anawalemba ntchito amakhala ataomola nsima m'mabeseni, nyemba ndi mpiru wotendera zili m'mapoto akuluakulu.

Lolemba lina anafika pageti pa galimoto yahayala monga mwa masiku onse. Mlonda, yemwe naye ankadya nawo nsimayo, anangozolika n'kuwapatsa envulopu. Kalata yake inali yaifupi: ntchito yatha kuyambira lero, kampani yapeza wophika wina wotsika mtengo. Atasuzumira pampanda anaona galimoto ya wophika winayo ikutsitsa kale mapoto.

Nsima ya tsikulo anagawira anthu oyandikana nawo. Kunyumba kunali matumba a ufa ndi nyemba komanso zigubu za mafuta ophikira zokwanira mwezi wathunthu, zonse zogula ndi ngongole ya ku banki m'khonde. Chowawa china n'chakuti lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati wantchito wolipidwa pamwezi apatsidwe notisi ya mwezi umodzi. Mayiwa, omwe sanachenjezedwe ngakhale tsiku limodzi, anayenera kupeza ndalama ya notisi ya antchito awo.

Mkangano wagona pa pepala limene mayiwa ndi kampaniyo anasainirana. Mgwirizanowo unali wa chaka chimodzi, ndipo unkati wofuna kuuthetsa adziwitse mnzake kwatsala mwezi. Chaka chitatha palibe anawonjezera. Mayiwa anapitiriza kuphika, kampani inapitiriza kulandira mainvoyisi awo n'kumalipira pa mtengo womwewo.

Akuluakulu a pafakitalepo akuti pepalalo linafa kalekale, ndipo ndime ya notisi inafera limodzi nalo. M'kuona kwawo, kuchokera pamenepo ankangogula chakudya tsiku ndi tsiku ngati mmene munthu amagulira tomato pamsika, ndipo wogula sakakamizidwa kutsanzika akafuna kusintha benchi. Mayiwa akuti munthu sungagule ufa wa mwezi wathunthu, kulemba antchito ndi kuchita hayala galimoto chifukwa cha malonda a tsiku limodzi, ndipo kampaniyo inkadziwa zonsezi.

Odziwa malamulo amati pa nkhani za mgwirizano dziko lino limatsatira kwambiri mfundo zomwe linatengera ku England, zomwe zimadalira zigamulo za makhoti. Mwa mfundo zimenezo, mgwirizano wa mtundu uwu suchita kufuna siginecha kuti ukhalepo. Zochita za anthu zimaumanganso. Ngati mbali zonse zapitiriza kugwira ntchito ndi kulipirana monga kale, khoti likhoza kuona kuti zomwe anagwirizana poyamba zikugwirabe ntchito. Ndipo pomwe mgwirizano wopanda tsiku lothera sukunena kanthu za notisi, khoti limatha kugamula kuti pankafunika notisi yokwanira, poganizira kutalika kwa nthawi imene anthuwo agwira ntchito limodzi ndi chuma chimene winayo analowetsapo.

Kuthetsa mgwirizano nthawi yomweyo kumaloledwa pamene winayo walakwitsa chachikulu chogwetsa maziko ake, monga kusiyiratu kubweretsa chakudya. Kupeza wotchipa si chifukwa chotero. Komabe kampani ili ndi potsamira: ikatha kuonetsa kuti chakudya chinkaitanitsidwa tsiku lililonse payekhapayekha, popanda lonjezo la mawa, mlandu wa mayiwa ukhoza kufooka. N'chifukwa chake mainvoyisi, malisiti ndi mauthenga a pafoni ali ofunika kwambiri pa milandu yotere.

Ngakhale mayiwa atapambana, chipukuta misozi sichingakhale chochuluka. Kawirikawiri khoti limawerengera phindu limene munthu akanapeza m'nthawi ya notisiyo, ndiponso limayembekezera kuti wodandaula anayesetsa kuchepetsa kuluza kwake, mwachitsanzo pogulitsa ufa wotsalawo. Lamulo limapereka zaka 6 zoti munthu akasume mlandu wophwanya mgwirizano, koma a banki m'khonde sadikira zaka. Ambiri akawerengera ndalama ya loya amangogwira njakata, nkhani n'kuthera pomwepo, ndipo wolakwayo amazolowera.

Amalonda ang'onoang'ono ambiri amalidziwa bwino tsiku limene kontirakiti yawo ikutha, koma amasankha kukhala chete. Amaopa kuti akakumbutsa bwana, bwanayo aitanitsa ena kuti apikisane nawo pa mitengo. Motero m'maofesi ndi m'mafakitale ambiri muli anthu omwe akusesa, kulondera ndi kuphika mokhulupirika pa mapepala omwe nthawi yake inatha kalekale.