Malikisi Osafafanizika pa Njira ya Udokotala ku America

Madzulo ano tikambe za ana a ku America ofuna udokotala, ndi za msampha umene uwadikira akali ang'ono.

Kumeneko mwana salowa sukulu ya udokotala atangotsiriza sekondale ai. Ayamba waphunzira zaka 4 ku koleji, nalemba mayeso a MCAT, ndipo pamenepo apempha malo. Koma m'madera ambiri mwana wa sekondale aloledwa kuyamba maphunziro ena a ku koleji asanatsirize. Dera la Minnesota linaika lamulo lotere m'caka ca 1985. Makolo akondwera nazo, pakuti mtengo wace ucepa, ndipo mwana afulumira.

Tsono cherani khutu. Masukulu ambiri a udokotala alandira mapempho kupyolera pa khomo limodzi, dzina lace AMCAS. Iwowa afuna kalata ya malikisi yocokera ku koleji iri yonse imene munthu anaphunzirako, ngakhale anapitako ali ndi zaka 16. Malikisi onse awerengedwa pamodzi: A ndiye 4, B ndiye 3, C ndiye 2. Ndiponso a Biology, Chemistry, Physics ndi masamu awerengedwanso pa okha, pakuti ndiwo amene akuru a sukulu apenyetsetsa.

Tiyerekeze mnyamata amene anatenga maphunziro 2 a Chemistry akali ku sekondale, mtima uli ku mpira, napata C pa onse awiri. Atakula acita khama, napata A pa maphunziro 8 a sayansi olingana ndi oyambawo. Ciwerengero cace sicikhala 4.0, koma 3.6, ndipo alikupikisana ndi anzace amene sanapunthwe konse. Angabwereze phunzirolo, inde, koma C wakale safafanizidwa. Wakale ndi watsopano awerengedwa onse. Akabisa kalatayo, nadziwika, angathe kulandidwa malo amene anawapeza kale.

Ine ndiganiza kuti nkowawa kuweruza munthu wamkuru ndi zolakwa za ubwana wace. Komabe tisanamizire a AMCAS: malikisi a nthawi ya sekondale awaika pa mzere wao, kotero kuti woweruza aona ndi maso kuti mnyamata uja anadzuka pambuyo pace.

Pali njira yina, ya AP, imene mwana aphunzira ku sekondale komweko nalemba mayeso. Malikisi ace salowa m'ciwerengero cija, koma masukulu ena a udokotala sailandira m'malo mwa phunziro leni-leni la ku koleji.

Inu amene muli ndi abale kumeneko, auzeni ici: mwana akaona kuti phunziro lamkulira, alisiye mwa lamulo, tsiku loikika lisanapite. Pa kalata padzalembedwa W, ndipo W alibe nambala yomtsitsa.