Ubongo wa Mkazi ndi wa Mwamuna: Sikelo Ikuti Chiyani?

Minibasi ikaima pa Mbulumbuzi, pamsewu wa Limbe kupita ku Zomba, mayi wogulitsa tomato amakhala ndi kanthawi kochepa kwambiri. Ayenera kumva mtengo umene wogula akunenerera pawindo, kuwonkhetsa milu itatu ya tomato ndi umodzi wa anyezi, kuchotsera pa K5,000, n'kubweza chenje kondakitala asanamenye chitseko. Salakwitsa wambawamba, chifukwa akalakwitsa mpamba wadyeka. Koma mwana wake wamkazi akabwera ndi lipoti loti walephera masamu, mayi yemweyo sadabwa. Amangoti masamu ndi a anyamata, mutu wa mtsikana sugwira zimenezo.

Maganizo amenewa si a kumudzi kokha, ndipo si a lero. Mu 1861 dokotala wotchuka wa ku Paris, Paul Broca, anasonkhanitsa kulemera kwa ubongo wa anthu omwalira. Wa amuna unkalemera pafupifupi magalamu 1,325, wa akazi magalamu 1,144. Broca anaona kusiyana kwa magalamu 181 kumeneku ngati umboni woti akazi nzeru zawo n'zochepa, ndipo kwa zaka zambiri anthu okana kuti akazi alowe m'mayunivesite ankatsamira pa manambala otere.

Sikelo ya Broca sinaname. Mpaka lero ofufuza amapeza kuti ubongo wa mwamuna umaposa wa mkazi ndi pafupifupi 10 kapena 11 peresenti. Chimene chinalakwika ndi tanthauzo limene anaupatsa. Amuna ambiri thupi lawo ndi lalikulu, choncho mtima, mapapo, chiwindi ngakhale phazi n'zazikulunso, koma palibe amene amati wovala nsapato yaikulu ndiye amayenda mwanzeru. Njovu ya ku Liwonde ili ndi ubongo wa makilogalamu pafupifupi 5. Wa Albert Einstein, atauyeza atamwalira mu 1955, unalemera magalamu 1,230 okha, kuchepera pa wa amuna ambiri.

Masiku ano sipafunikanso kudikira kuti munthu afe. Makina a MRI, onga amene anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, amajambula ubongo mwini wake ali moyo. Mu 2015 Daphna Joel wa ku yunivesite ya Tel Aviv ndi anzake anaunika zithunzi za ubongo wa anthu opitirira 1,400. Anasankha zigawo zimene zimasiyana kwambiri pakati pa amuna ndi akazi, n'kufunsa kuti ndi anthu angati amene zigawo zawo zonse n'zooneka zachimuna zokhazokha kapena zachikazi zokhazokha. Anapezeka ochepa zedi. Ambiri ubongo wawo unali ngati chilundu chosokedwa ndi zigamba zosiyanasiyana: apa chofala mwa amuna, apo chofala mwa akazi, pena chapakatikati.

Si onse anagwirizana naye. Mu 2018 Stuart Ritchie ndi anzake ku Edinburgh anaunika anthu opitirira 5,000 a ku Britain ndipo anapeza kusiyana kooneka: khungwa la pamwamba pa ubongo linali lochindikala pang'ono mwa akazi, ndipo amuna ankasiyana okhaokha kwambiri kuposa mmene akazi amasiyanirana. Kompyuta yophunzitsidwa bwino imathanso kulota, nthawi zambiri molondola, ngati chithunzi cha ubongo n'cha mwamuna kapena mkazi. Koma Lise Eliot, amene mu 2021 anabwereza kafukufuku wa zaka 30, anati ukachotsapo nkhani ya kukula kwa mutu, kukhala mwamuna kapena mkazi kumangofotokoza pafupifupi 1 peresenti ya kusiyana kwa ubongo wa anthu. Kusiyanako kulipo, koma n'kwa magulu aakulu. Sikungauze mphunzitsi wa ku Namitambo kuti mwa ana awiri okhala padesiki limodzi ndani adzamvetse alijebula.

Nanga zoti akazi ndi olongolola? Kwa zaka zambiri mabuku ena ankabwereza kuti mkazi amalankhula mawu 20,000 patsiku pamene mwamuna 7,000 okha. Mu 2007 Matthias Mehl anapachika timakina tojambula mawu pa ophunzira pafupifupi 400 ku America ndi Mexico, n'kuwerengetsa. Onse, amuna ndi akazi, anali pafupi ndi mawu 16,000. Amene anakhalako pabwalo la bawo Loweruka masana sangadabwe nazo.

Pa masamu nkhani yake n'chimodzimodzi. Janet Hyde anaunika mu 2008 zotsatira za mayeso a ana pafupifupi 7 miliyoni ku America, ndipo atsikana ndi anyamata anali mutu umodzi. M'maiko ena anyamata amatsogola, mwina atsikana ndiwo amatsogola, ndipo zimasintha ndi zaka, pamene ubongo wa munthu susintha podutsa malire a dziko. Pali luso limodzi limene amuna ambiri amapambana nalo mobwerezabwereza: kutembenuza chinthu m'maganizo n'kudziwa mmene chingaonekere mbali ina. Akazi nawo amatsogola pa kuwerenga ndi kukumbukira mawu. Koma luso lotembenuza zinthulo limakula munthu akamaliyeserera, ndipo mnyamata amene wakula akupinda mawaya kupanga galimoto wakhala akuliyeserera kuyambira ali wa mamina, mlongo wake ali ku mjigo ndi mwana kumbuyo.

Pali kafukufuku wina amene anthu a ku Chiradzulu, kumene mwamuna amakakhala chikamwini ndipo munda umatsata mbumba, angamumve kukoma. Mu 2011 Moshe Hoffman, Uri Gneezy ndi John List anapita kumpoto chakum'mawa kwa India, kwa mitundu iwiri yoyandikana. Akarbi chuma chimatsata bambo, Akhasi chimatsata mayi. Anthu pafupifupi 1,300 anapatsidwa zidutswa zinayi zoti alumikize kukhala chithunzi. Kwa Akarbi amuna ankamaliza msanga kuposa akazi. Kwa Akhasi kusiyanako kunalibe. Kafukufuku mmodzi sathetsa mlandu, ndipo ena anakayikira ngati kamasewerako kankayezadi luso lomwe ankafuna, komabe anaonetsa kuti kaleredwe kamalowerera ngakhale pamene anthu ankati ndi chibadwa basi.

Chifukwa chake n'choti ubongo, ndi maselo ake a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni, umaumbika ndi ntchito imene ukugwira. Eleanor Maguire anaonetsa mu 2000 kuti madalaivala a matakisi ku London, oloweza misewu masauzande, chigawo chawo chosunga mapu chinali chitakula kumbuyo kwake, ndipo chinkakulirakulira ndi zaka za ntchito. Choncho ukapeza kusiyana pa chithunzi cha ubongo wa munthu wa zaka 40, n'kovuta kudziwa kuti n'chiti anabadwa nacho, n'chiti anachipeza m'njira.

Boma la Chiradzulu lili ndi umboni wake wa zimene sukulu imachita. Ku Mbombwe, pa Providence Industrial Mission imene John Chilembwe anatsegula mu 1900, kunafika mphunzitsi wamkazi wa ku America, Emma DeLany, amene pamodzi ndi Ida Chilembwe ankaphunzitsa amayi ndi atsikana. Mmodzi mwa ana amene anadutsa m'manja mwake, Daniel Malekebu, anadzakhala dokotala woyamba wa dziko lino, n'kubwerera kudzatsegulanso mishoniyo mu 1926. Yunivesite ya sayansi ya MUST, kwa oyandikana nawo a ku Thyolo, nayo inatsogoleredwapo ndi mayi, Pulofesa Address Malata.

Zimene zimavulaza ubongo wa mwana wa kwa Kadewere kapena kwa Nkalo sizifunsa ngati ndi mnyamata. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyamba, nthawi imene ubongo ukukula mofulumira. Malungo a mu ubongo nawo amasiya zipsera. Terrie Taylor ndi Karl Seydel, pogwiritsa ntchito MRI ya ku Queens ija, anaonetsa mu 2015 kuti ana ambiri amene amafa nawo amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupanikiza gawo lolamulira kupuma. Ena opulumuka amatsala ndi khunyu kapena kuvutika m'kalasi. Pamwamba pa izi mtsikana amasenzanso katundu wake: kafukufuku yemwe uja anapeza kuti amayi achichepere 42 pa 100 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18.

Pamene kukhala mwamuna kapena mkazi kuli ndi kanthu kwenikweni ndi pa matenda, ndipo apa m'pamene anthu sakambapo. Matenda a kukhumudwa kosatha amapezeka mwa akazi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mutu waching'alang'ala umavuta akazi katatu kuposa amuna, ndipo mwa ambiri umayenda ndi masiku a kumwezi chifukwa cha mahomoni. Pa anthu atatu odwala matenda oiwala a Alzheimer, awiri ndi akazi, mwa zina chifukwa amakhala moyo wautali. Agogo otere akayamba kusochera ndi kuyankhula zosamveka, m'midzi yambiri amatchedwa afiti. Matenda onjenjemera a Parkinson amakonda amuna, ndipo otizimu imapezeka mwa anyamata pafupifupi kanayi, ngakhale madokotala tsopano akuvomereza kuti atsikana ambiri amaphonyedwa. Pakati pamasinthanso ubongo: Elseline Hoekzema anapeza kuti zigawo zothandiza kumvetsa anthu ena zimasintha mayi akakhala woyembekezera, ndipo kusinthako kunali kukuonekabe patatha zaka ziwiri.

Amuna ali ndi tsoka lawo. Ngakhale kuti opezeka ndi kukhumudwa ambiri ndi akazi, malipoti a apolisi ku Malawi chaka ndi chaka amasonyeza kuti odzipha ambiri ndi amuna. Mnyamata amakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, ndiye ngongole kapena banja zikamupanikiza amathawira ku kachasu m'malo mwa ku chipatala.

Mayi amene wangochira kumene koma sakugona, sakudya ndipo sakufuna kuyamwitsa, bambo amene wasiya kucheza n'kumalankhula za imfa, gogo amene waiwala njira ya ku dimba lake: onsewa pitani nawo ku chipatala chapafupi kapena cha boma pa Chiradzulu. Ofunika thandizo lalikulu amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital.