Mwana wa Mchewa asachite mantha ndi chiyankhulo cha ku Turkey

Pachipata cha Mwanza, kusakaniza ziyankhulo si nkhani yachilendo. Wogulitsa manachesi amatsatsa malonda m'Chichewa, n'kuwerengera ndalama mnzake wa ku Zobue m'Chipwitikizi. Koma pali chiyankhulo china chomwe achinyamata ofuna maphunziro apamwamba akukumana nacho: cha ku Turkey.

Kuyambira mu 2012, boma la dzikolo limapereka mwayi wa maphunziro aulere kwa ophunzira akunja kudzera m'ndondomeko ya Türkiye Scholarships. Wosankhidwa amayamba watha chaka chathunthu akuphunzira chiyankhulocho asanalowe m'kalasi ya udokotala kapena uinjiniya. Akapanda kuchigwira, maphunziro enawo amavuta.

Chinsinsi chake ndi kuduladula mawu, monga momwe aphunzitsi a Chichewa amachitira pofuna tsinde la mneni.

Tengani mawu oti "gelmedim", omwe akutanthauza "sindinabwere". "Gel" ndi kubwera, "me" ndi kukana, "di" akusonyeza kale, pomwe "m" ndi ine. M'Chichewa tizidutswa tomweti tilipo: si-ndi-na-bwere. Kusiyana kwake n'koti Mchewa amatiika kutsogolo kwa tsinde, iwo amatilumikiza kumbuyo ngati mabogi a sitima.

Chiganizo chathunthu nachonso chili ndi khalidwe lake: mneni amakhala kumapeto. "Annem pazara gitti" ndiye kuti "mayi anga anapita kumsika", koma mawuwo ayalidwa chonchi: mayi-anga, msika-ku, anapita. Choncho wophunzira wochenjera amayamba wayang'ana kumapeto kwa chiganizo, kenako n'kufunsa kuti ndani, wapita kuti.

Zilembo za liwu nazo zimatsatana. Nyumba ndi "ev", zambiri ndi "evler"; sukulu ndi "okul", zambiri ndi "okullar". Izi zisadabwitse munthu yemwe amati "phikira" koma "lembera" popanda womuuza chifukwa chake.

Kuwerenga nako si kolemetsa. Mu 1928 mtsogoleri wa dzikolo, Mustafa Kemal Atatürk, adasiyitsa zilembo za Chiarabu n'kubweretsa zilembo 29 zofanana ndi zathuzi, ngakhale zina zili ndi timadontho ndi timichira.

Makolo omwe amaona phunziro la Chichewa ngati lotayitsa nthawi ayenera kuganiza kawiri. Mwana yemwe adazolowera kuphwanya "sindinabwere" ali ku pulayimale sadzasowa pogwira akadzamva "gelmedim" ku Ankara.