Za Kufunafuna Mbiri ndi Mamendulo a Amalinyero a Nthawi ya Nkhondo

Pamene anthu akamba za nkhondo ziwiri zazikuru, ya 1914 ndi ya 1939, mitima yao ithamangira kwa asilikari amene ananyamula mfuti. Koma analiponso ena amene sanalembedwe usilikari, ndipo sanagube pa bwalo, nafa ambiri ndithu: ndiwo amalinyero a zombo za malonda za Angelezi, amene anali kuolotsa tirigu, mafuta, zida, ndi asilikari omwe. Pa nkhondo ya 1939 yokha anamwalira oposa 30,000. Lero tifuna kuonetsa mabanja amene ali ndi mbale wotere, kapena agogo, kapena malume, njira yopezera mbiri yache ndi mamendulo ache. Pakuti zambiri zinalembedwa, ndipo zikali kudikira wozifunsa.

Tisayese kuti amalinyerowa anali Azungu okhaokha, iai. M'zombo zimenezo munali Amwenye, Achaina, Aarabu a ku Aden, Asomali, ndi anthu a ku Freetown ndi ku Lagos. Ambiri a iwo anali kugwira nchito pansi peni peni pa chombo, kuthira malasha pa moto. Ndipo bomba loyenda m'madzi likaboola chombo, iwo ndiwo anali kutali koposa ndi potulukira. Tsoka lao linayamba tsiku loyamba lomwe la nkhondo, pa 3 Sepitembala 1939, pamene sitima ya Ajeremani yoyenda pansi pa madzi inamiza chombo cha Athenia, nafa anthu oposa 100. Nkhondoyo inafikanso kufupi ndi kwathu kuno: m'miyezi ya Juni ndi Julayi 1942 Ajapani anamiza zombo monga 20 m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, ndipo pa 30 Novembala chaka chomwecho Ajeremani anamiza Llandaff Castle pafupi ndi Lourenço Marques, umene lero uli Maputo. Ndiponso asilikari a ku Nyasaland a King's African Rifles amene anapita ku Ceylon ndi ku Burma anaoloka nyanja m'manja mwa amalinyero otere.

Lamulo la masiku oyamba a nkhondo linali lowawa: chombo chikamira, malipiro a munthu anali kuleka tsiku lomwelo, angakhale iye ali kuyandama pa kabwato, wopanda madzi akumwa. Boma la Angelezi linakonza ichi mu Meyi 1941, nilamula kuti amalinyero azilandira malipiro ngakhale pamene alibe chombo, koma asasiye nchito ya pa nyanja kufikira nkhondo itatha. Chifukwa cha lamulo limenelo anatsegula kaundula watsopano wa munthu ali yense, ndipo kaundula ameneyo ndiye atithandiza lero.

Chifukwa ninji tsono mabanja ambiri alibe mamendulo? Chifukwa chache ndi ichi: mamendulo a nkhondo ya 1939 sanatumizidwe okha kwa amalinyero, munthu anayenera kuwapempha ndi kalata. Ambiri sanapemphe, ena anali pa nyanja, ena anabwerera ku maiko ao akutali osamva kanthu, ena anafa. Ndiponso mamendulo amene Boma la Angelezi linapereka pa nkhondo imeneyo sanalembedwe dzina la mwini, kotero kuti mendulo yopezeka m'bokosi la agogo siinena yokha kuti ndi ya yani. Umboni uli m'mabuku.

Poyamba pa zonse, yambani pa khomo panu. Safunsa anadya phula. Funsani akuru akali ndi moyo: dzina limene mbaleyo anali kudziwika nalo ku nchito, chaka ndi malo a kubadwa kwache, doko limene anakwererako chombo, ndi dzina la chombo liri lonse limene analichula pocheza. Funafunani m'masutukesi kabuku kochedwa Discharge Book, kamene munthu wa pa nyanja anali kuyenda nako. M'menemo muli zombo zache ndi masiku a kukwera ndi kutsika, ndiponso nambala yache, imene kwa ambiri iyamba ndi chilembo R. Nambala imeneyi isungeni bwino, pakuti maina afanana, koma nambala ndi ya munthu mmodzi. Maina a anthu akuda alembi a ku doko anali kuwalemba monga khutu lao linamvera, ndipo ena analembetsa dzina la ubatizo, ena la atate ao. Chifukwa chache yesani kalembedwe kali konse ka dzinalo, osatopa msanga.

Chachiwiri, funsani ku nyumba yosungiramo makalata a Boma la Angelezi, The National Archives, ku Kew, mu London. Kumeneko makalata anaikidwa m'magulu, gulu liri lonse ndi nambala yache. Gulu la BT 395 lionetsa mamendulo a nkhondo ya 1939 amene anapemphedwa naperekedwa kuyambira 1946 kufikira 2002. Muli maina oposa 100,000, ndipo mungathe kuwaona pa intaneti muli kwanu. Dzina likasoweka m'menemo musataye mtima: kawirikawiri kutanthauza kwache ndi kuti munthuyo sanapemphe. Gulu la BT 382 ndilo kaundula uja wa 1941. Pepala lache lichedwa CRS 10, ndipo lichula zombo zonse za munthu ndi masiku ache. Gulu la BT 372 ndi timatumba ta mapepala m'mene nthawi zina mupezeka chithunzi cha nkhope yache. Koma timatumba tambiri tinaonongedwa kale.

Chachitatu, mutadziwa zombo, tsatani ulendo wa chombo chiri chonse. Pa nthawi ya nkhondo sanali kulemba m'kabuku ka munthu dziko limene chombo chiri kunka, kuopa azondi. Koma makhadi a gulu la BT 389 anena doko limene chombo chinachokera, kumene chinafika, ndi tsoka limene chinaona. Ichi nchofunika, popeza mendulo iri yonse itsata nyanja imene munthu anayendamo ndi masiku amene anakhalamo. War Medal ifuna masiku 28 a pa nyanja. Nyenyezi yochedwa 1939-1945 Star ifuna miyezi 6, pamodzi ndi ulendo umodzi wopyola m'malo a nkhondo. Atlantic Star, ya nsaru ya maonekedwe a madzi a nyanja, ifuna miyezi 6 yina ya pa nyanja, pamodzi ndi kuyenda m'nyanja ya Atlantic. Ziriponso nyenyezi za Africa, Italy, Burma ndi Pacific. Ndipo mu 2012, zitapita zaka 67 chithere nkhondo, Boma linabvomera Arctic Star ya iwo amene anayenda m'nyanja yozizira ya kumpoto, monga aja anatenga zida kunka nazo ku Russia.

Za nkhondo ya 1914 njira iri yina pang'ono. Makhadi a amalinyero a zaka za nkhondoyo anaonongedwa mu 1969. Koma makhadi a mamendulo, gulu la BT 351, alipo. Mendulo yao ndi ya mkuwa, yochedwa Mercantile Marine War Medal, ndipo inapatsidwa kwa munthu amene anapyola ulendo umodzi m'nyanja yoopsa. Nsaru yache ndi yobiriwira ndi yofiira, ndi kamzere koyera pakati, kufanizira nyali zitatu za chombo usiku. Imeneyi inalembedwa dzina la mwini m'mphepete mwache. Makhadi ena ochedwa CR 10, a zaka za 1918 kufikira 1921, asungidwa ku Southampton, ndipo ali ndi zithunzi. Kotero mdzukulu angathe kuona nkhope imene sanaione ndi kale lonse.

Nanga iye amene sanabwere? Amalinyero ambiri alibe manda, koma nyanja yokha. Maina ao analembedwa pa chikumbutso cha ku Tower Hill, mu London: monga 12,000 a nkhondo yoyamba, ndi pafupi 24,000 a nkhondo yachiwiri, chimene Mfumukazi Elizabeth II anatsegula mu 1955. Maina aikidwa pansi pa dzina la chombo chao, mkuru wa chombo patsogolo, anthu ache pambuyo. Amwenye alembedwa ku Bombay ndi ku Chittagong, Achaina ku Hong Kong. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission lisunga maina onsewa, ndipo kuwafuna pa intaneti kulibe malipiro.

Potsiriza, mutasonkhanitsa umboni, lembani kalata ku Registry of Shipping and Seamen, ku Cardiff, kumene aweruza za mamendulo a amalinyero. Ngati sanaperekedwe kale, mbale wa pafupi angathe kuwapempha, atatumiza mapepala oonetsa zombo, maulendo, ndi chibale chache. Tumizani zojambula zokha; mapepala eni eni akhale pa khomo. Nchitoyi itenga miyezi, koma kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndipo chimene mwapeza muchilembe m'buku, ndi kuchiwerenga pamaso pa ana: dzina la munthuyo, nambala yache, zombo zache, ndi madoko amene anaona. Kuyambira chaka cha 2000, Angelezi akumbukira amalinyerowa pa 3 Sepitembala chaka ndi chaka. Tsiku limenelo ndi loyenera kuti banja lisonkhane ndi kuchula dzina la mbale wao. Koma funsani akuru tsopano lino, akali nafe. Pakuti makalata a ku Kew adzakhalapo ndi mawa lomwe, koma nkhalamba yodziwa dzina la chombo siidzakhala nthawi zonse.