Gofu ya Loweruka ikufunika magazi atsopano

Gofu imatuluka m'nyuzipepala banki kapena kampani ya mafoni ikathirapo ndalama, zikwangwani zili mbwee, mlendo wolemekezeka akupereka chikho. Koma chimene chasunga masewerawa m'dziko muno ndi kampikisano ka sabata ndi sabata, pamene abambo amalembetsa mayina, kusonkha kangachepe ka mphotho, n'kunyamuka anayianayi mame asanaume.

Mwambowu ndi wakale. Blantyre Sports Club inayamba mu 1896, nthawi ya atsamunda, ndipo kwa zaka zambiri munthu wakuda ankalowa m'makalabu otere ngati wantchito basi: kutchetcha kapinga kapena kusenzera bwana thumba la ndodo. Lero Amalawi ndiwo amadzaza mabwalo, kuyambira ku Lilongwe Golf Club, komwe kuli mabowo 18, mpaka ku Limbe, Zomba, Mulanje, Mzuzu, ndi kuminda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Mabwalo ambiriwa ndi a mabowo 9, choncho osewera amazungulira kawiri.

Chimene chimabweza anthu sabata iliyonse ndi handicap. Iyi ndi nambala yosonyeza mphamvu ya wosewera, ndipo wofooka amachotseredwa mikwapulo ingapo kuti alimbane bwino ndi katswiri. Kuyambira mu 2020, mabungwe oyang'anira gofu a R&A ndi USGA anakhazikitsa njira imodzi yowerengera padziko lonse: pa masewero 20 omalizira a munthu, amasankhapo 8 amene anachita bwino koposa. Ndiye pali kawerengedwe ka Stableford, kamene Dr Frank Stableford anakayambitsa ku kalabu ya Wallasey ku England mu 1932. Handicap ikachotsedwa, wolowetsa mpira pa par (mikwapulo yoikidwa pa bowolo) amapeza mapointi 2, birdie (kuchepera ndi mkwapulo umodzi) 3, bogey (kupitirira ndi umodzi) 1. Bowo likakukanika kotheratu, umangotola mpira wako n'kupita patsogolo, tsiku lonse osawonongeka. N'chifukwa chake bambo wopuma pantchito, wa bondo lovuta, angathe kugonjetsa mnyamata womenya mpira kutali, madzulo n'kumulandirira mphotho pamaso. Ndi masewero ochepa amene amapatsa mkulu ulemu wotere. Ndiponso zonse zimatsamira pa kukhulupirika, pakuti palibe woimbira: mnzako ndiye amakulembera zigoli, iwe n'kusainira.

Zaka zapitazi sizinali zophweka. Covid-19 inabalalitsa anthu mu 2020, namondwe wa Freddy anasakaza chigawo chakummwera mu 2023, ndipo mu November chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Mpira, ndodo, nsapato, zonse zimachokera kunja, motero mitengo inakwera nthawi yomweyo. Ambiri amadalira mipira yotoledwa m'tchire ndi m'madzi. Nawo makalabu ali ndi mtolo wawo: dzinja likafika udzu umakula msanga ndipo makina otchetchera amafuna mafuta, pomwe mu October kapinga amapserera ngati sathiriridwa. Komabe Loweruka likakwana anthu amabwera ndithu.

Chodetsa nkhawa n'chakuti imvi zikuchuluka pabwalo. Wachinyamata amene wangoyamba ntchito sakwanitsa kulipira umembala, kugula ndodo, n'kulipiranso womunyamulira thumba. Pomwepo pali gulu lina limene limadziwa bwalo kuposa mamembala eni ake: anyamata onyamula matumba aja. Iwo ndi amene amanong'oneza kuti, bwana, tengani ndodo iyi, mpira ukhotera kumanzere. Ena mwa iwo akagwira ndodo amamenya mpira mokoma moti munthu umaima n'kuonerera. Zimandipweteka kuona luso lotere likuthera pa kusenza thumba la munthu wina. Dziko lili ndi akatswiri ngati Paul Chidale, koma obwera pambuyo pawo sadzagwa kumwamba.

Makomiti a makalabu akamakhala pansi kukonza ndondomeko ya chaka chamawa, asathere nthawi yonse pa za mphotho ndi chakudya cha madzulo. Apatule Loweruka limodzi pamwezi loti membala aliyense asewere limodzi ndi womunyamulira thumba, zigoli zake zilembedwe, apatsidwe handicap yake. Atsitse umembala wa achinyamata ndi ana asukulu, anyamata ndi atsikana omwe. Ndodo zakale zimene zikuchita dzimbiri m'magalaja a mamembala zisonkhanitsidwe ku kalabu, kuti wofuna kuphunzira azibwereka popanda kulipira.