Chombo Chidamira, Zeno Adayandama

Asanatchuke ngati mphunzitsi, Zeno wa ku Citium adali wamalonda, mwana wa wamalonda. Kwawo kudali pachilumba cha Cyprus, pamene lero pali mzinda wa Larnaca, ndipo katundu wake sadali wamasewera: chibakuwa cha ku Phoenicia, utoto wofiirira wochokera m'nkhono za m'nyanja. Pamafunika nkhono zikwizikwi kuti chovala chimodzi chinyikidwe, n'chifukwa chake ovala mtundu umenewu adali mafumu ndi anthu opata okhaokha. Wonyamula katundu wotere tulo sakhala nato. Mphepo ikangotembenuka, mtima uli m'mwamba.

Pa ulendo wina chombo chidasweka chikuyandikira doko la Piraeus, chibakuwa chonse n'kutsikira kwa nsomba. Zeno adapulumuka, nalowa mu Athens chimanjamanja. Posowa kolowera adakakhala kwa wogulitsa mabuku, komwe adakumana ndi buku la Xenophon lofotokoza za mphunzitsi wanzeru Socrates. Nkhaniyo idamugwira mtima mpaka adafunsa kumene anthu otere amapezeka. Mwamwayi pamsewu pamadutsa Crates wa ku Thebes, munthu amene adagawa chuma chake chonse n'kutsala ndi chofunda, thumba ndi ndodo. Wogulitsa mabuku adangomuloza, namuuza Zeno kuti amutsatire.

Kutaya chombo kudali kosavuta, poti nyanja sidachite kumupempha. Chimene chidakanirira ndi manyazi. Zeno adali wosauka wa mtima wa bwana, wodera nkhawa kuti anthu azimuona bwanji. Crates adaiona nthendayo ndipo mankhwala ake adali oseketsa. Adamusenzetsa mphika wa mphodza kuti adutse nawo ku Kerameikos, dera la oumba mbiya, anthu ali piringupiringu. Mkulu wa chibakuwa uja adayesa kuubisa mphikawo. Crates sadachedwe, adaumenya ndi ndodo, phwaa! Zeno adaliyatsa liwiro msuzi ukuchucha m'miyendo, mphunzitsi wake akumufuulira kumbuyo, kumufunsa chimene akuthawa pamene palibe choopsa chamugwera. Ine ndimaona kuti mphika uwu udagwira ntchito yoposa ya namondwe.

Pofika cha m'ma 300 BC munthuyo adali wina. Ankaphunzitsa pakhonde la zithunzi lotchedwa Stoa Poikile, m'mbali mwa bwalo la msika, pomwe aliyense wodutsa ankatha kuima n'kumvetsera. Chiphunzitso chake sichinkati ndalama ndi zoipa ayi. Chabwino chenicheni, iye ankatero, ndi khalidwe: nzeru, chilungamo, kulimba mtima ndi kudziletsa. Choipa ndi kusowa zimenezi. Chuma, thanzi ndi kutchuka zili pakati. Zikabwera uzilandire, ndipo nzosankhika kuposa umphawi ndi matenda, koma zilibe mphamvu yokupatsa kapena kukulanda mtendere, popeza mawa zitha kumira.

Ndiye taonani moyo wake tsopano! Chakudya chake tizibuledi, uchi ndi kavinyo pang'ono. Chimene ankachikonda koposa ndi kudya nkhuyu zaziwisi akuwothera dzuwa. Kumaphwando ambiri ankakana. Mfumu Antigonus Gonatas ya ku Macedonia, imene inkabwera kudzamumvera ikafika mu Athens, idamuitana kuti akakhale kunyumba yachifumu. Wamalonda wakale uja akadathamangira mwayi wotere chovala chili m'manja. Zeno watsopanoyu adapepesa kuti wakalamba, natumiza wophunzira wake Persaeus. Za ngozi ija ankazikamba mwanthabwala, kuti pa maulendo ake onse umene udamupindulitsa ndi womwe chombo chidasweka.

Ophunzira ake nawo adatengera. Cleanthes, amene adadzalowa m'malo mwake, usiku ankagwira ganyu yotunga madzi othirira minda kuti masana apeze mpata womvera Zeno. Patapita zaka pafupifupi 450, mfumu ya Roma yeniyeni, Marcus Aurelius, inkadzilangiza ndi nzeru za pakhonde lomwelo ili kunkhondo.

Anthu a ku Athens adamukhulupirira mlendoyu mpaka kumusungitsa makiyi a malinga a mzinda. Adagamulanso zomupatsa chisoti cha golide, munthu wokhuta ndi nkhuyu! Atamwalira cha m'ma 262 BC, adamumangira manda ndi ndalama za mzinda ku Kerameikos konkuja, kumene adathamanga mphodza zili m'miyendo.